GALIMOTO YA PA CHITHUNZI CHAKALE

Aphunzitsi ndi akristu nonse a kunsi kwa phiri, phunziro lathu la ulendo uno likhala la kupenya. M'nyumba za Abambo, m'maofesi a sukulu zakale ndi m'masutikesi a agogo athu muli zithunzi zojambulidwa kalekale, zofiirira ndi utsi, zina zodyeka m'mbali. Pa zambiri mwa izo pamaoneka galimoto, kapena njinga ya moto, kapena lole, pakuti masiku amenewo galimoto ikafika pamudzi inali nkhani, ndipo mwini kamera sankalola kuti ichoke asadaijambule. Ana athu akaona chithunzi chotere amaseka, nati: "Ha, chigalimoto chanji chonga ngolo!" Atero nachibwezera m'bokosi. Koma galimoto imeneyo ndi mboni. Munthu wodziwa kuifunsa imamuuza zaka, imamuuza za msewu, ndiponso imamufikitsa kwa anthu oimirira pambali pake, amene maina ao ali pafupi kuiwalika. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Poyamba tikumbukire kuti dziko lino lidaona sukulu ndi tchalitchi lisadaone gudumu la galimoto. Abambo Oyera adafika pa Mua, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe, m'mwezi wa Seputembala 1902. Mishoni ya Mtakataka, kwa Mfumu Kachindamoto, idatsegulidwa mu 1908, ndipo ya Bembeke, pamwamba pa phiri, mu 1910, kuti otopa ndi kutentha ndi malungo a kunyanja azikapumako mphepo yozizira. Pa zithunzi za zaka zimenezo musayembekeze galimoto. Mudzaona mzere wa amtengatenga, yense ndi mtolo wa mapaundi 50 kapena 60 pamutu. Mudzaona machila, ndiye nsalu yolimba yomangidwa ku nsungwi yaitali, m'mene Mzungu kapena wodwala ankagona, amuna awiri atasenza paphewa, ena khumi kapena kuposa akuthamanga pambuyo kuti azilandizana. Mudzaonanso njinga yakapalasa, imene Abambo ankayendera midzi. Katundu wochokera ku Ulaya ankatsikira pa doko la Chinde, nakwera Zambezi ndi Shire pa sitima zazing'ono, koma pamtunda ankayenda pa mitu ya anthu. Belu la tchalitchi, mabuku, mankhwala, vinyo wa Misa, zonse zidabwera motero.

ZA MJAHA WA KU ULAYA

Tsono ambiri mwa Abambo oyamba aja adali a ku France, ndipo dziko limene adalisiya linali litapenga ndi magalimoto m'zaka zomwezo. Nkwabwino kuti tidziwe pang'ono za kumeneko, kuti timvetse chimene chidatsata anthuwo kuno.

Galimoto yoyendera petulo adaipanga Karl Benz wa ku Germany, nailembetsa ku boma mu 1886. Inali ya magudumu atatu. Mu 1888 mkazi wake, Bertha, adaitenga m'mamawa mwamuna wake asakudziwa, nayenda ndi ana ake awiri mailosi oposa 60 kuchokera ku Mannheim kufika ku Pforzheim, kuti anthu aone kuti si choseweretsa ai. Ku England kunali lamulo la 1865 lakuti makina oyenda okha pamsewu asapitirire mailosi 4 pa ola, ndipo munthu azitsogola pansi atanyamula mbendera yofiira. Amachila athu akadaipitirira galimoto yotere akuyimba! Lamulolo lidamasulidwa mu 1896.

Mpikisano woyamba wotchuka udachitika pa 22 Julayi 1894, kuchokera ku Paris kufika ku Rouen, mtunda wa mailosi 78. Adaukonza ndi eni nyuzipepala ya Le Petit Journal. Magalimoto 21 adanyamuka, 17 adafika. Woyamba kufika adali de Dion, pa liwiro la mailosi 12 pa ola, koma mphotho yaikulu adammana chifukwa makina ake adali oyendera nthunzi, ofuna munthu wachiwiri wosonkheza moto. Idagawidwa kwa a Panhard et Levassor ndi a Peugeot. Chaka chotsatira, 1895, Émile Levassor adayenda kuchokera ku Paris kufika ku Bordeaux ndi kubwerera, mailosi 732, m'maola 48 ndi mphindi 48. Adafika msanga pamalo pamene mnzake adayenera kumlandira chiwongolero, nampeza ali m'tulo, nangopitirira yekha usiku wonse. Pa mjaha womwewo abale awiri a Michelin adayesa matayala opopa mpweya. Adaphulika kambirimbiri, anthu naseka. Koma lero palibe galimoto yoyenda popanda iwo.

Taonani tsono m'mene liwiro lidakulira. M'mwezi wa Meyi 1903, Abambo a pa Mua asadathe chaka chimodzi pamalo pao patsopano, magalimoto adanyamuka ku Paris kulinga ku Madrid. Fernand Gabriel adafika ku Bordeaux pa liwiro la mailosi 65 pa ola, pamsewu wafumbi wodzaza ndi anthu openyerera. Tsiku limenelo kudafa anthu angapo, oyendetsa ndi oimirira m'mbali mwa msewu omwe. Marcel Renault, mmodzi wa abale amene adayambitsa kampani ya Renault, adagubuduzika namwalira patapita masiku awiri. Boma la France lidaletsa mjahawo pomwepo, ndipo magalimoto adakokedwa ndi akavalo kunka ku siteshoni, nabwerera ku Paris pa sitima. Pambuyo pake anthu adayamba kumanga mabwalo otsekedwa ochitiramo mjaha, monga la Brooklands ku England mu 1907.

Kodi mjaha tiuyamike kapena tiudzudzule? Udaphunzitsa amisiri zambiri za matayala, mabuleki ndi injini, zimenezo sitikana. Koma mtengo wake adalipira kawirikawiri ndi munthu wapansi amene sadapikisane ndi wina aliyense. Amene adaonapo basi ikudutsa pa msika wa Golomoti kapena wa Mtakataka osachepetsa liwiro, ana ali m'mbali mwa phula ndi mabeseni a mango, adziwa kuti nkhani ya 1903 siidakalambe.

Ku Africa kuno mipikisano idachedwa, pakuti kunalibe misewu. Kunkabwera maulendo oyesa mphamvu za makina. Pa 28 Okutobala 1924 magalimoto 8 a Citroën, okhala ndi malamba m'malo mwa magudumu ambuyo, adanyamuka ku Colomb-Béchar m'dziko la Algeria kudutsa chipululu cha Sahara. Atafika pakati pa Africa adagawana njira, ndipo gulu limodzi lidadzera ku nyanja yathu ino, nalifika ku gombe la Mozambique mu 1925. Mjaha waukulu wa kum'mawa kwa Africa, wodutsa Kenya, Uganda ndi Tanganyika, udayamba mu 1953, pokondwerera kuvekedwa ufumu kwa Elizabeth II.

FUNSANI GALIMOTO ZAKA ZAKE

Tibwerere kwathu. Dzina lomwe lakuti galimoto lili ndi mbiri: "gari" ndi mau a Chiswahili, ochokera kwa Amwenye, otanthauza ngolo, ndipo "moto" tonse tiudziwa. Ngolo ya moto. Njinga ya moto makolo adaitcha mthuthuthu, potsata kulira kwake.

Tiyerekeze kuti mwapeza chithunzi chopanda chaka. Pali galimoto yaitali miyendo, yokhala ndi denga la chinsalu lopindika, yaima patsogolo pa nyumba ya njerwa. Mudzayambira pati?

Yambirani kumphuno. Galimoto imene idafala koposa m'maiko onse inali Ford Model T, imene idayamba kupangidwa mu 1908, chaka chomwe Mtakataka adatsegulidwa, nilekeka mu 1927 atapanga oposa 15,000,000. Kufikira 1916 chosungira madzi oziziritsa injini, chimene amakaniko amati ladiyeta, chinali cha mkuwa wonyezimira, ndipo pa chithunzi chimaoneka chowala. Pambuyo pake chidakhala chachitsulo chopakidwa utoto wakuda. Nyale zoyamba zinali zazikulu ngati miphika, zoyaka ndi mpweya wa kabaidi. Zamagetsi zidabwera mu 1915. Penyaninso pansi pa mphuno: ngati pakulendewera chitsulo chokhota, ndiyo handulo yopukusira injini. Inali yoopsa, pakuti injini ikabweza inkathyola dzanja la munthu. Batani lolizira injini lidayamba kuikidwa pa Model T mu 1919, koma handulo idakhalabe zaka zambiri, chifukwa batire ikafa kuthengo palibe wina wokuthandiza.

Kenaka magudumu. Masipoko onenepa, owerengeka, ndi amtengo, ndipo akusonyeza galimoto ya zaka zoyamba kufikira cha m'ma 1925. Masipoko ang'onoang'ono ambiri, onga a njinga, ndi awaya, ndipo pa magalimoto a Ford adafala pambuyo pake, makamaka pa Model A ya 1927 mpaka 1931. Ngati madigadi aima paokha ngati mapiko, ndipo m'mbali muli thabwa lopondapo pokwera, kawirikawiri galimotoyo idapangidwa nkhondo yachiwiri isadathe, kapena itangotha kumene. Land Rover idabadwa mu 1948, kotero chithunzi chilichonse chokhala ndi Land Rover sichingapose chaka chimenecho ukalamba. Ngati nyale zake zili pakati, pafupi ndi ladiyeta, ndi ya zaka zofika cha m'ma 1968. Ngati zili m'mbali pa madigadi, ndi yapambuyo pake. Peugeot 403 idatuluka mu 1955, ndipo 404 mu 1960.

Koma apa chenjerani, pakuti ambiri amaphonya pomwepa. Galimoto imakuuzani chaka chimene chithunzi sichingapitirire kumbuyo. Siikuuzani chaka chimene chidajambulidwa. Makina opangidwa mu 1924 ankatha kufika kuno atagwira kale nchito kwina, nayendanso zaka khumi ndi zisanu, akumangidwa ndi waya ndi luzi. Mishoni sizinkataya chinthu. Chifukwa chake mboni imodzi siikwanira, funani yachiwiri. Ngati kumbuyo kukuoneka njanji, chithunzicho si chakale kuposa zaka zimene ankaimanga, pakuti njanji yochokera ku Blantyre, yodzera ku Balaka, Golomoti, Mtakataka ndi Chipoka, idafika ku Salima mu 1935. Ngati Bambo wavala mkanjo woyera ndi korona yaikulu m'khosi, ndi chisoti chothawira dzuwa, mwina muli m'zaka za Msonkhano wa Vatican wachiwiri usadachitike, umene udatha mu 1965. Ngati pa mlongoti pali mbendera ya Angerezi, tsiku la 6 Julayi 1964 lisadafike. Ngati pakhomo pa galimoto paima Ambuye Cornelius Chitsulo atavala za uepiskopi, muli pakati pa 1957, pamene adadzozedwa kukhala episkopi woyamba wachikuda m'dziko lino, ndi 1984, pamene adamwalira. Mboni ziwiri kapena zitatu zikagwirizana, mungathe kulemba kuti, "pakati pa chaka chakuti ndi chakuti," ndipo mwagwira nchito ya wolemba mbiri.

PHIRI NDI MATOPE

Anthu a ku chigwa chino adali ndi adani awiri a galimoto amene a ku Paris sadawadziwe. Woyamba ndi phiri. Dedza ali pa mapazi oposa 5,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nyanja yathu ili pa mapazi ngati 1,550. Wotsika kuchokera kumtunda kufika ku Golomoti amatsika mapazi oposa 3,000 pa mtunda waufupi, ndipo msewu wake, wa Khwekhwerere, dzina lake lomwe limveka ngati chinthu chokokedwa pansi. Lero uli ndi phula, komabe malole amatenthera mabuleki pomwepo. Nanga kale?

Ganizani za Model T pa chitunda chotere. Thanki yake ya petulo inali pansi pa mpando, yopanda pampu. Petulo ankangotsetsereka yekha kunka ku injini. Galimoto ikaloza mphuno kumwamba, thanki ili yosadzaza, petulo sankafika, injini nizima. Nzeru ya madalaivala m'maiko onse inali kutembenuza galimoto ndi kukwera phiri chafutambuyo. Potsika vuto linali lina: buleki yake inali lamba wofinya m'kati mwa makina, ndipo pa mtsetse wautali ankapsa. Kwina ankamangirira chipika kumbuyo kuti chizikhwekhwerezeka ndi kugwira galimoto. Mukaona pa chithunzi mnyamata ataima pafupi ndi gudumu lambuyo, mwala kapena chigogo chili m'manja, musamuyese wongodutsa. Nchito yake inali kulumpha galimoto ikafooka ndi kutsekera gudumu isadabwerere m'phompho. Moyo wa onse okwera unali m'manja mwake.

Mdani wachiwiri ndi dothi lakuda la m'dambo ndi mitsinje yotsika m'phiri, Livulezi, Namikokwe, Nadzipokwe ndi inzake, imene m'chilimwe mwana amaoloka, koma m'dzinja imadzaza pa ola limodzi ngakhale kuno kusadagwe dontho. Milatho inali ya mitengo ndi nsungwi, yomangidwa chaka ndi chaka. Nchifukwa chake zithunzi zambiri za magalimoto akale si za galimoto yothamanga, koma ya galimoto yotitimira, anthu makumi awiri akukankha ndi kukoka ndi chingwe. Mjaha wa kuno unali wopikisana ndi mvula.

OIMIRIRA PAMBALI

Pano ndi pamene phunziro lathu lilemera. Kuseri kwa zithunzi zakale, ngati pali cholembedwa, mudzapeza kawirikawiri dzina la mwini galimoto, mwina ndi dzina la galimoto yomwe. Anthu ena onse, amene ali ochuluka pa chithunzicho, alibe maina. Koma msewu umene galimotoyo yaimapo adaulambula ndi iwowo, ndi makasu ao, mvula ikatha, polamulidwa ndi Boma kudzera mwa mafumu. Ndiwo adadula mitengo ya mlatho, ndiwo adatunga madzi a mu ladiyeta, ndiwo adakankha.

Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, amuna a mu Nyasaland pafupifupi 200,000 adatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, ndipo ambiri adafera m'njira ndi njala ndi matenda. M'nkhondo yomweyo malole adayamba kuyenda pa msewu wa Limbe, Zomba ndi Fort Johnston, umene lero ndi Mangochi. Lole imodzi inkanyamula za amuna makumi angapo. Potero tinene zoona zonse ziwiri: galimoto idachotsa mtolo pamutu pa makolo athu, ndipo pa chimenechi tiyenera kuiyamika, koma isadatero, idayamba yayenda pa thukuta lao. Njanji itafika, malole adayamba kututa thonje kunka nalo ku masiteshoni, amtengatenga nachepa. Mabasi a Nyasaland Transport Company, imene idayamba mu 1947, adapatsa munthu wamba mpando wake pa galimoto. Ndipo wodwala wa kutali, amene kale ankafika pa chipatala cha Mua pa machila, mwina atatsirizika m'njira, adayamba kufika tsiku lomwelo. Malo osamalira akhate pa Mua adatsegulidwa mu 1927. Amene ali ndi zithunzi za kumeneko apenyetsetse kuti odwala ndi mankhwala ankafika pa chiyani.

Tisaganize kuti makolo ankangoyang'ana chinthu chachilendochi kukamwa kuli yasa. Adachipenda, nachiseka, nachilowetsa m'zao. Pakati pa zilombo za gule wamkulu pali china chotchedwa Galimoto, cholukidwa m'maonekedwe a galimoto yeniyeni. Ana naonso adatola waya, napinda magalimoto ao okhala ndi chiwongolero chachitali, monga achitira mpaka lero. Mukapeza chithunzi cha mwana ndi galimoto yake yawaya, penyani mtundu umene adatsanzira: ana amapinda chimene chikudutsa pamsewu wao m'zaka zao, ndipo salakwitsa mphuno ya Land Rover kapena ya Bedford.

NCHITO YA APHUNZITSI

Zithunzi zina zili m'manja abwino. Pa Mua pali malo a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, ndi nyumba ya Chamare yosungiramo za Achewa, Angoni ndi Ayao. Ku Zomba kuli nkhokwe ya Boma ya makalata akale. Ku Blantyre, m'nyumba ya Mandala yomangidwa mu 1882, a Society of Malawi amasunga mabuku ndi zithunzi. Ndipo ku Roma Abambo Oyera amasunga mabuku m'mene a pa mishoni iliyonse ankalemba zochitika tsiku ndi tsiku. Koma kumeneko kulibe munthu angaloze chala nanena kuti, "Uyu wagwira chingweyu ndi malume ao a amai anga, a kwa Akutiakuti." Wodziwa zimenezo ali m'mudzi mwanu, wakhala pa mkeka, ndipo maso ake akuchita chidima chaka ndi chaka. Amene adali mwana wa zaka khumi pamene Ambuye Chitsulo adadzozedwa, lero ali pafupi ndi zaka 80. Chiswe chikudya pepala, imfa ikutenga mboni. Ziwirizi sizidikira kuti tiyambe takolola.

Tsono inu aphunzitsi, amene mumayendera mabanja ndi miphakati, chitani motere. Pemphani mwaulemu kuti akuonetseni zithunzi zimene ali nazo, ndipo musachoke nazo. Ambiri adataya zao pobwereketsa, ndipo akakana musawadandaule. Jambulani ndi foni, kumaso ndi kuseri komwe, pa mthunzi wowala, osati pa dzuwa. Khalani pansi ndi agogo, muwapatse nthawi. Musawauze chimene inu mukuganiza, funsani kuti, "Agogo, apa ndi pati? Awa ndani? Mfunda wao ndani? Adali a mudzi wa yani? Galimotoyi inkatchedwa chiyani?" Pakuti magalimoto ndi malole a kumudzi adali ndi maina ao opatsidwa ndi anthu, ndipo dzina lotere limatsegula nkhani zimene funso lina silingatsegule. Funsaninso wachiwiri payekha, woyamba asakumva. Akagwirizana, lembani, akasiyana, lembani zonse ziwiri, ndi dzina la wonena, ndi tsiku limene adanena. Musadzaze mpata ndi zongoganiza, pakuti bodza lolembedwa kuseri kwa chithunzi limasanduka mbiri pakapita zaka makumi awiri.

Polemba pa chithunzi chenicheni musagwiritse bolopeni kapena inki, chifukwa imadutsa pepala nionekera kumaso. Tengani pensulo yofewa, mulembe mopepuka m'mphepete mwa kuseri, chithunzi chitagona pa thabwa losalala. Musachimate ndi guluu, musachikute ndi pulasitiki yotenthetsa, ndipo chimene chamamatira ku galasi musachikanganule. Pakati pa chithunzi ndi chinzake ikani pepala loyera, muzisunge m'chitini chotseka bwino, pamwamba, kutali ndi khoma ndi kutali ndi podontha. Maina amene mwalemba muwakoperenso m'kope limodzi la pa tchalitchi chanu, ndipo kopelo likadzaza mulipereke kwa Bambo Mfumu kuti lisungidwe pamodzi ndi mabuku a ubatizo.